ZIROMBO ZACHILENDO NDI ZAMOYO ZA M'DZIKO MWATHU

Alimi nonse mukuudziŵa mwambi uja wakuti mlendo ndi mame. Akuluakulu ankatanthauza kuti mlendo sakhalitsa, choncho tizimsamala bwino popeza maŵa lomwe abwerera kwawo. Koma m'minda, m'nkhalango ndi m'madzi mumafika alendo ena amene akaloŵa sachokanso. Alendo ameneŵa ndi tizirombo, nyama ndi nsomba zochokera ku maiko ena, zimene zimadya mbeu, mitengo kapena zamoyo zinzake. Ndi bwino kuti mlimi aliyense adziŵe chifukwa chake zirombo zotere zimaononga kuposa zimene tinabadwa tikuziona, ndiponso mbali imene iye mwini ali nayo poziletsa.

KODI CHIROMBO CHACHILENDO N'CHOTANI?

Si chachilendo chirichonse chimene chiri choipa. Chimanga, chinangwa, mtedza, mbatata ndi fodya zinachokera ku America kalekale, ndipo lero ndizo zikutidyetsa ndi kutipatsa ndalama. Mbeu zimene kwawo ndi kuno ku Africa ndi monga mapira, maŵere, khobwe ndi nzama. Chimanga chimakhala pamene mwachibzala, ndipo mukasiya kuchilima chimatha. Chirombo chimene tikunena pano ndi chija chimene chikafika chimayamba kuswana chokha, n'kufalikira popanda wochiŵeta, mpaka kulanda malo ndi chakudya cha zamoyo zimene chazipeza.

Zirombo zimenezi ziri m'magulu aŵiri. Gulu loyamba ndi la zodya zomera, monga mbozi ndi nsabwe za m'mitengo. Gulu lachiŵiri ndi la zodya zinzake, monga nsomba zolusa. Magulu onse aŵiri amapambana eni dziko pa zifukwa zitatu izi:

1. Chirombo chachilendo chimasiya adani ake kwawo. Kumene chinachokera kuli mavu, mbalame ndi matenda zimene zimachipha, kotero kuti sichichuluka mopitirira. Chikakwera sitima kapena ndege, adani aja amatsala.

2. Eni dziko sachidziŵa. Gwape amadziŵa fungo la kambuku chifukwa makolo ake akhala akuthaŵa kambuku kuyambira kale. Mtengo nawonso uli ndi utomoni kapena kuŵaŵa kumene kumaingitsa tizirombo timene unazoloŵera. Koma mdani watsopano amapeza khomo losatseka.

3. Zambiri mwa zirombozi zimaswana msanga ndipo sizisankha chakudya. Chakudya china chikatha zimatembenukira ku china, pamene mwini dziko amene amadalira chakudya chimodzi amafa ndi njala.

NSABWE PA MKUNGUDZA WA KU MULANJE

Chitsanzo choyamba chiri m'dziko mwathu momwe muno. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, ndiwo mtengo wa fuko lathu, ndipo sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Matabwa ake ndi onunkhira ndiponso okhalitsa, chifukwa chiswe sichiwakonda.

Mu 1986 m'Malaŵi munapezeka nsabwe zachilendo zodya mitengo ya mtundu wa mkungudza, ndipo aka kanali koyamba kuti zioneke mu Africa. Patangopita zaka zoŵerengeka zinali zitafika ku Tanzania ndi ku Kenya. Nsabwe zimenezi zimaboola khungwa la tinthambi n'kumayamwa madzi a mtengo, ndipo malovu ake ali ndi ululu. Masamba amasanduka achikasu, kenaka amafiira ngati apsa ndi moto, makamaka m'miyezi yopanda mvula. Kuno nsabwezi sizifuna yaimuna kuti ziswane. Yaikazi imangobala ana amoyo, anawo n'kubalanso anzawo patapita masabata ochepa.

Nsabwe zinapha mitengo yambiri yobzalidwa m'nkhalango ndi m'mipanda ya nyumba, ndipo zinakwera phiri n'kugwiranso mkungudza wathu wachilengedwe. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anabweretsa timavu ting'onoting'ono tochokera ku Ulaya, timene timaikira mazira m'thupi la nsabwe, kuti nsabwezo zichepe.

Tisanamizane, nsabwe sizinathe mkungudza pazokha. Macheka a anthu odula mitengo mwakuba ndi moto wolusa ndizo zinaononga koposa, kotero kuti pa kalembera wa mu 2017 panapezeka mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse. Kuyambira nthaŵi imeneyo anthu a m'midzi yozungulira phirili akhala akufesa ndi kubzala mbande zambirimbiri. Phunziro lake ndi lakuti chirombo chachilendo chimapweteka kwambiri chamoyo chimene anthu achifooketsa kale. Mtengo umene wapsa ndi moto sungalimbane ndi nsabwe, ndipo umene nsabwe zaumitsa nthambi suchedwa kuyaka.

KAPUCHI WA KWATHU NDI KAPUCHI WOBWERA

Tsopano titsike m'munda mwa chimanga. Alimi ambiri amayesa kuti kapuchi yense ndi mmodzi, koma alipo a mitundu ingapo. Kapuchi wa kwathu, wotchedwa Busseola fusca, wakhala akuboola mapesi a mapira ndi udzu waukuluukulu kuyambira chimanga chisanafike, ndipo amakonda malo okwera ndi ozizira. Wina, wotchedwa Chilo partellus, kwawo ndi ku India ndi Pakistan. Iyeyu anaoneka koyamba mu Africa kuno ku Malaŵi cha m'ma 1930, ndipo anafalikira m'madera otentha a kum'maŵa ndi kumwera kwa Africa.

Kapuchi wobwerayu amakula msanga kuposa wa kwathu. Mbozi zake zimagona m'mapesi ouma chilimwe chonse monga zimachitira zinzake, koma mvula ikayamba zimadzuka msanga, kotero kuti ana ake amayamba kudya mwini dziko asanakonzeke. M'mbali mwa nyanja ya mchere ku Kenya analanda malo a kapuchi wina wa kumeneko, ndipo ku South Africa anachita chimodzimodzi m'minda ina ya mapira.

Kapena mufunsa kuti, nanga si bwino kuti kapuchi apirikitse kapuchi mnzake? Iyayi. Kapuchi wa kwathu ali ndi adani ambiri amene amamdziŵa, pamene wobwerayo anafika wopanda womletsa, ndiponso amabereka mibadwo yambiri pa nyengo imodzi. Mlimi amasinthanitsa mbava yodziŵika ndi mbava yachilendo yochenjera koposa. N'chifukwa chake mu 1993 bungwe la ICIPE la ku Nairobi linamwaza ku Kenya timavu totchedwa Cotesia flavipes, tochokera ku Pakistan, kuti mlendoyo akumanenso ndi mdani wake wakale.

MBOZI YA KU AMERICA

Mlendo amene alimi nonse mwamuona ndi maso anu ndi mbozi ya fall armyworm. Kwawo ndi ku America. Inaoneka koyamba ku West Africa kumayambiriro kwa 2016, ndipo m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017 inali italoŵa m'minda ya kuno. Mu December 2017 Boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha mbozi imeneyi.

Musaisokoneze ndi ntchemberezandonda. Ntchemberezandonda ndi za kuno ku Africa. Zimabwera chaka china mwaunyinji, n'kudya udzu ndi mbeu zanthete poyera, kenaka n'kuzimirira. Mbozi ya ku America imabisala mu mtima wa chimanga, ndipo sichoka. Dzinja imadya cha kumunda, chilimwe imadya cha kudimba. Muizindikira poona pamutu pake, pamene pali chizindikiro chonga Y wozondoka, ndi timadontho tinayi takuda cha kumchira. Gulugufe wake amauluka usiku, ndipo mphepo ikamthandiza atha kuyenda makilomita 100 usiku umodzi. Wamkazi mmodzi amaikira mazira oposa 1,000 pa moyo wake, m'timagulu ta 100 kapena 200 pa tsamba.

Mbozi imeneyi ndi yodya zomera, komanso ikakula imadya zinzake. Imadya ana a mtundu wake womwe, n'chifukwa chake kaŵirikaŵiri mumapeza mbozi yaikulu imodzi yokha mu mtima wa chimanga. Imadyanso ana a kapuchi ikakumana nawo. Ku Kenya ndi ku Uganda akatswiri aona kuti kumene mboziyi yachuluka, kapuchi wachepa m'chimanga ndipo wapanikizira ku mapira. Motero mlendo mmodzi wasintha makhalidwe a tizirombo tonse ta m'munda, ndipo mbeu ya makolo athu ndiyo yasenza katundu wake.

Koma pali nkhani yolimbitsa mtima. Adani a kwathu ayamba kumzoloŵera mlendoyu. Nyerere, akangaude, mbalame ndi timavu ta mitundumitundu tayamba kudya mazira ndi ana ake. Ameneŵa ndi antchito anu osalira malipiro, ndipo tidzawatchulanso kumapeto.

NSOMBA YOLUSA M'NYANJA YA VICTORIA

Pofuna kuona bwino zimene chirombo chodya zinzake chimachita, tiyeni tipite ku nyanja ya Victoria, imene iri pakati pa Uganda, Kenya ndi Tanzania. Nyanja imeneyi inali ndi mitundu pafupifupi 500 ya tinsomba ting'onoting'ono, abale ake a utaka, kambuzi ndi mbuna za m'nyanja yathu. Tina tinkadya ndere, tina nkhono, tina tizirombo ta m'madzi, mtundu uliwonse ndi ntchito yake.

M'zaka za m'ma 1950, ndiponso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anthu anaikamo nsomba yotchedwa Nile perch, poganiza kuti idzadya tinsomba taminga tija n'kusanduka nsomba yaikulu yamalonda. Nsomba imeneyi imatha kutalika mamita aŵiri ndi kulemera makilogalamu 200. Kwa zaka zoposa 20 inakhala ngati mulibe. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inachuluka mwadzidzidzi, ndipo pasanathe zaka 10 mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba tija inali itasoŵa. Matope ndi zonyansa zokokoloka kuchokera m'minda ndi m'matauni zinadetsanso madzi, ndipo tinsombato tinapanikizika mbali ziŵiri.

Taonani m'mene vutoli linafikira kumtunda. Tinsomba tating'ono amayi ankangotiyanika pa dzuŵa, ndipo munthu wosauka ankatha kugula ndiwo. Nile perch ndi yamafuta, siuma ndi dzuŵa, imafuna kuŵamba, motero mitengo yambiri ya m'mbali mwa nyanja inathera nkhuni. Inafunanso maukonde olimba ndi mabwato aakulu, zimene msodzi wamba sakanatha kugula. N'zoona kuti nsombayi inabweretsa ndalama zambiri, popeza minofu yake imagulitsidwa ku Ulaya. N'zoonanso kuti asodzi ataigwira kwambiri, mitundu ina ya tinsomba inayambanso kuoneka. Koma mtundu umene watheratu palibe ndalama imene ingaubwezere.

Nkhani imeneyi ikutikhudza chifukwa nyanja ya Malaŵi iri ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Ku Victoria anaikamonso nsomba ina yotchedwa Nile tilapia, imene inalanda malo a nsomba za kumeneko zofanana ndi chambo. Nsomba yomweyo inapezeka kale m'madamu ena a ku Tanzania amene madzi ake amatsikira ku nyanja yathu. Imakula msanga, imalanda malo oswanirana, ndipo imatha kukwerana ndi abale ake n'kusokoneza mtundu. Inu amene muli ndi damu la nsomba, dziŵani kuti madzi akasefukira kamodzi kokha, zimene ziri m'damu mwanu zimaloŵa mu mtsinje.

KUITANA MDANI: NJIRA YOIPA NDI NJIRA YABWINO

Mwaona kuti kaŵiri konse tatchula za akatswiri amene anabweretsa mdani wa chirombo kuchokera kunja. Paja akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kakuthwa kamathanso kucheka mwini nyumba, monga anaonera alimi a nzimbe a ku Australia.

Mu 1935 nzimbe za ku Queensland zinkaonongeka ndi mbozi zodya mizu. Akuluakulu oona za nzimbe anaitanitsa achule aakulu pafupifupi 100 kuchokera ku Hawaii, a mtundu umene kwawo kwenikweni ndi ku America, ndipo atawaswanitsa anawamwaza m'minda. Achulewo sanathandize kanthu, popeza mbozi zinali pansi pa nthaka ndipo tizirombo toikira mazira tinkakhala pamwamba pa nzimbe, pamene chule sangafike. M'malo mwake anayamba kudya chirichonse chokwana m'kamwa mwawo. Chule wamkazi amaikira mazira mpaka 30,000 nthaŵi imodzi. Choipa koposa n'chakuti chule ameneyu ali ndi ululu kumbuyo kwa mutu. Njoka, ng'azi, ng'ona za m'mitsinje ndi tinyama tina ta kumeneko sizinkadziŵa za ululuwo, ndipo zikammeza zinkafa. Lero achulewo afalikira chigawo chachikulu cha kumpoto kwa Australia, ndipo palibe amene wapeza njira yowathetsera.

Tsono yerekezani ndi nkhani ya kodikodi wa chinangwa. Kachirombo aka kanachokera ku South America, kanaoneka ku Congo mu 1973, ndipo mu 1985 kanafika ku Nkhata Bay, kumene kondoole ndiye chakudya. Chinangwa chinapinimbira nsonga ndipo anthu anagona ndi njala. Akatswiri anapita kukafunafuna kwawo kwa kodikodi, ndipo ku Paraguay anapeza kamavu kotchedwa Anagyrus lopezi. Asanakamwaze anakasunga kaye m'nyumba yotsekedwa n'kukayesa, kuti atsimikize kuti sikabweretsa matenda kapena vuto lina. Bungwe la IITA la ku Ibadan linakamwaza ku Nigeria mu 1981, pambuyo pake m'maiko ambiri kuphatikizapo Malaŵi, ndipo kodikodi anagonja. Kusiyana kwake ndi uku: kamavu kamadalira kodikodi yekha, pamene chule amadya zonse. Ntchito yoitana mdani ndi ya akatswiri oyesa zinthu mofatsa, si ya munthu aliyense ayi.

ZIMENE INU MLIMI MUNGACHITE

Zirombo zambiri zachilendo siziyenda zokha mtunda wautali. Zimanyamulidwa ndi anthu m'matumba, m'mbeu, m'matabwa ndi m'zidebe. Nankafumbwe wamkulu, amene amaboola chimanga ngakhale mitengo ya nkhokwe, anachokera ku Central America, anaoneka ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo anafika ku Karonga cha m'ma 1991 potsata njira zimene chimanga chimayendamo. Choncho kumbukirani izi:

1. Musaloŵetse m'dziko mbeu, mbande, mitengo ya chinangwa, mbatata kapena zipatso popanda chilolezo cha a zaulimi. Mbale wanu wa kunja akakutumizirani mbeu, ionetseni kaye kwa mlangizi.

2. Matumba akale muziwakutumula ndi kuwaviika m'madzi oŵira musanathiremo zokolola zatsopano. Sesani nkhokwe bwinobwino, ndipo musasakanize chimanga chakale ndi chatsopano. Musapite ku msika ndi chimanga chofumbwa, chifukwa thumba limodzi limaononga mulu wonse.

3. M'damu mwanu ŵetani nsomba za kwathu monga makumba, chambo ndi chilunguni. Lamulo sililola kusamutsa nsomba zachilendo popanda chilolezo. Mbeu ya nsomba muzitenga kumene alangizi a za nsomba akulozerani.

4. Yenderani munda wa chimanga kamodzi kapena kaŵiri pa sabata kuyambira chitangomera. Yendani mokhotakhota, imani malo asanu, ndipo pa malo alionse yang'anani mapesi 10. Mazira ndi timbozi tating'ono tikanyeni ndi zala. Ŵerengani mapesi ogwidwa ndipo muuze mlangizi.

5. Musathamangire mankhwala. Mankhwala amphamvu othira mwachisawawa amapha nyerere, akangaude, timavu ndi njuchi, pamene mbozi yaikulu yabisala mu mtima wa chimanga. Mukapha adani ake, ndiye kuti mwathandiza mlendo. Ngati mlangizi wavomereza kuti muthire, thirani mankhwala oyenera, pa muyeso wake, m'mamaŵa kapena madzulo, mboziyo ikali yaing'ono. Alimi ena amathira dothi kapena phulusa mu mtima wa chimanga, ndipo ena amawaza msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere.

6. Bzalani msanga ndi mvula yoyamba, pamodzi ndi anansi anu, ndipo sakanizani chimanga ndi nandolo, nyemba kapena khobwe. Siyani mitengo ndi zitsamba m'malire a munda, poti ndimo mumakhala mbalame ndi timavu tothandiza.

7. Lekani kutentha tchire. Moto umapha adani a tizirombo ndi kufooketsa mitengo yachilengedwe.

8. Mukaona kachirombo kapena nsomba imene simunaionepo, musaitaye. Ikani m'botolo, kumbukirani malo ndi mbeu imene mwaipezapo, ndipo pitani nayo kwa mlangizi tsiku lomwelo. Safunsa anadya phula.

Chirombo chachilendo chimatheka kuchigonjetsa pamene chiri m'munda umodzi kapena m'damu limodzi. Chikafalikira boma lonse, chimene chimatsala ndi kuphunzira kukhala nacho, ndipo mtengo wake amalipira ndi mlimi chaka ndi chaka. Akatswiri ndi ochepa ndipo sangafike m'munda uliwonse, koma inu mumakhalamo tsiku ndi tsiku. Kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wa kalabu yanu, ndipo pemphani mlangizi wa m'dera lanu kuti adzakuonetseni mazira a mbozi ndi tizirombo tothandiza, kuti aliyense adziŵe chopha ndi chosiya.